Mtengo womaliza wa mapointi a timeshare: lipoti la nkhani ya mayi wamasiye ku Joni

Ndimagwira ntchito yowerengera anthu ndalama ndi kuwalembera za msonkho kuno ku Johannesburg. Ambiri amene amabwera ku ofesi kwanga ndi akumudzi: eni timashopu, amagalimoto onyamula katundu wopita ku Malawi, anamwino ndi aphunzitsi. Nkhani iyi ndi ya mayi wina wa ku Ntcheu, amene anandilola kuifotokoza bola dzina lawo ndi la kalabu imene amachita nayo asatchulidwe. Ndailemba chifukwa funso limene anabwera nalo, la mtengo woyenera kubwereketsera mapointi a timeshare, ndalimva kambirimbiri, ndipo yankho limene anthu amapatsana pa mafoni likuwaluzitsa ndalama.

Mmene nkhani inalili

Anafika mu Malichi ndi envulopu yodzaza mapepala a malemu amuna awo. Zaka zapitazo bambowo anaimbiridwa foni kuti apambana mphatso ya ulendo. Anapita ku hotela ina kukailandira, ndipo anabwerako atasaina kontirakiti ya timeshare ya R96,000.

Kwa amene sanaimvepo, timeshare ndi kugula ufulu wokagona m'nyumba za tchuthi masiku angapo chaka chilichonse, nyumbayo isali yako wekha. Inayambira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960, ku Switzerland ndi ku mapiri a ku France, ndipo kuno ku South Africa inazika mizu moti mu 1983 boma linaiikira lamulo lakelake, Property Time-sharing Control Act. Kale munthu ankagula sabata imodzi yodziwika, pa malo amodzi, chaka ndi chaka. Masiku ano makalabu ambiri amagulitsa mapointi. Chaka chilichonse amakuikira mapointi mu akaunti, ndipo umagulira nawo masiku ogona pa malo alionse amene kalabuyo ili nawo, kaya ku nyanja ku Umhlanga ndi Margate, kaya ku mapiri a Drakensberg, kaya ku Hazyview pafupi ndi Kruger. Sabata ya Khrisimasi imadya mapointi ambiri, masiku a pakati pa sabata mu Meyi amadya ochepa. Koma ugone usagone, chaka chilichonse umalipira levy, ndalama yosamalirira nyumbazo, ndipo sindinaionepo ikutsika.

Mayiwa anali atamaliza kale za chuma cha masiye ku ofesi ya Master of the High Court, ndipo mapointi anali m'dzina lawo. Nditawerenga kontirakiti ndi makalata a kalabu, ndinapeza izi. Amalandira mapointi 240 pa chaka. Levy ya chaka chimenecho inali R14,400, kutanthauza R60 pa pointi imodzi, ndipo ya chaka cham'mbuyo inali R13,400. Mapointi osagwiritsidwa ntchito amaloledwa kuwolokera chaka chimodzi chokha, kenako amafa pa 31 Disembala. Mu akaunti munali mapointi 480: akale 240 amene amayenera kufa kumapeto kwa chaka chomwecho, ndi atsopano 240 amene akanatha kuwoloka.

Chifukwa chimene sankawagwiritsira ntchito n'chodziwika kwa aliyense wa ife. Disembala, pamene anthu a kuno amathamangira ku nyanja, ife timakwera basi ya ku Beitbridge kupita kwathu. Kuwonjezera apo, chimwalirire amuna awo mayiwa analibe mtima wopita kumalo amene ankapita limodzi.

Pempho lawo linali lalifupi. Anati, "Mwananga, mundithandize kuika mtengo ndibwereketse mapointiwa. Koma asatsike pa R75. Anzathu pa gulu tinagwirizana choncho, komanso bambo anu analipira ndalama zambiri."

Gulu limene ankanenalo linali la pa WhatsApp, la anthu amene ali ndi mapointi a kalabu yomweyo.

Zimene ndinayamba kufufuza

Ndisanakhudze za mtengo, ndinafuna kudziwa ngati kontirakiti imalola n'komwe kubwereketsa. Makalabu ena amaletsa kuchita malonda ndi mapointi, ndipo membala akagwidwa amamufufutira malo amene anasungitsa. Iyi inkalola kuti mlendo akagone m'malo mwa membala, bola membalayo agule kalata ya mlendo ya R450 ndi kulipira R350 yosungitsira malo. Ndiye kuti kubwereketsa kulikonse, kwakukulu kapena kwakung'ono, kunali ndi mtengo wa R800 munthu asanaone phindu. Mlendo akaphwanya kanthu, bilu imapita kwa membala.

Kenako ndinapeza chinthu chimene mayiwa sanachione, chifukwa chinalembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono kuseri kwa bilu ya levy. Kalabu imalandiranso mapointi amene membala sakuwafuna pa R22 iliyonse, ndalamayo n'kuichotsera pa levy ya chaka chotsatira, koma pempho liyenera kufika pasanadutse pa 31 Meyi. Nambala imeneyi, R22, ndi imene inadzakhala maziko a zonse zimene tinachita.

Ndinatenganso masiku awiri kuyang'ana mitengo imene nyumba zofanana zimabwerekedwera pa intaneti, pa malo omwewo ndi pa masiku omwewo. Wobwereka sagula mapointi. Iye akufuna zipinda ziwiri pafupi ndi nyanja kwa masiku asanu ndi awiri, ndipo amayerekeza mtengo wako ndi wa nyumba ya mu msewu womwewo ya pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lobwereketserapo nyumba. Sizimukhudza kuti amuna anu analipira zingati. Ndinapeza kuti sabata ya pakati pa Disembala, imene imadya mapointi 300, imapita pafupifupi R21,000, ndiye R70 pa pointi. Sabata ya tchuthi cha masukulu mu Julayi, ya mapointi 200, imapita pafupifupi R11,000, ndiye R55. Masiku anayi a pakati pa sabata mu Meyi, a mapointi 60, amapita R2,400, ndiye R40. Pointi ndi yomweyo, koma mtengo wake ukusiyana malinga ndi tsiku limene waigwiritsira ntchito. Mwa zonsezi panalibe chimene chinafika pa R75 ya gulu lija.

Sabata ya Disembala inali itadzaza kale. Kalabu imatsegula kusungitsa malo kutatsala miyezi 12, ndipo masabata abwino amatha m'masiku oyamba. Tinapeza sabata imodzi ya kumayambiriro kwa Julayi kugombe la kumwera kwa Durban, kumene nyengo yozizira imakhala yofunda kusiyana ndi kuno, ndipo tinaisungitsa tsiku lomwelo ndi mapointi 200 mwa akale aja. Lamulo la kalabu linali lakuti ukabweza malo kutatsala masiku 60 kapena kuposa, mapointi amabwerera onse. Kuwerengera chobwerera m'mbuyo, tsikulo linagwera sabata yoyamba ya Meyi. Ndinalilemba ndi cholembera chofiira pa chikuto cha fayilo.

Kuwerengera mtengo womaliza

Pamsika pali mitengo iwiri: umene umatchula poyamba, ndi womaliza, umene ukaupyola umabwerera ndi katundu wako kunyumba. Anthu ambiri a mapointi amatenga levy kukhala mtengo womaliza. Amati, ndalipira R60 pa pointi, ndiye sindingalandire yochepera R60. Zimamveka zanzeru, koma si zoona, ndipo apa ndi pamene ndimalimbana ndi makasitomala anga kwambiri.

Levy ya mapointi akale aja inali italipiridwa kale. Mayiwa abwereketse, asabwereketse, ndalamayo siibwerera. Funso loyenera si lakuti ndinalipira zingati, koma lakuti ndikakana munthu uyu, mapointiwa andipatsa chiyani kwina? Kwa mapointi akale, yankho linali R22 kufikira sabata yoyamba ya Meyi, pamene tikanathabe kubweza malo ndi kuwapereka ku kalabu. Likadutsa tsikulo, yankho linali palibe.

Choncho mtengo womaliza wa sabata ya Julayi unali mapointi 200 kuchulukitsa ndi R22, ndiye R4,400, kuphatikiza R800 ya kalata ya mlendo ndi kusungitsa malo, zonse R5,200. Tikanadzera kwa ejenti amene amadula 15 pa 100 iliyonse, mtengowo ukanakwera kufika pafupifupi R6,100 kuti mayiwa atsale ndi zomwezo. Munthu aliyense wopereka ndalama yoposa apo anali kuwapindulitsa kuposa njira ina iliyonse imene anali nayo.

Izi sizikutanthauza kuti tinalengeza R5,200. Mtengo womaliza sutchulidwa kwa wogula. Tinayamba ndi R11,500, ndipo ndinawalembera kuti pakati pa Epulo titsike kufika R10,000, kumapeto kwa Epulo R8,500, kenako m'masiku otsiriza tilandire chilichonse choposa R5,200. Pakapanda munthu pofika tsiku lofiira lija, tibweze malo n'kutenga R22 ya kalabu.

Mapointi atsopano anali nkhani ina. Iwo anali ndi chaka china cha moyo, ndipo akanatha kugula sabata ya Disembala ya chaka chotsatira ngati titasungitsa pa tsiku lotsegulira. Ndinawaika pa R45 iliyonse, kuchotsera pa R70 ija chifukwa ndalamayo ikanabwera patapita nthawi yaitali, komanso chifukwa panalibe chitsimikizo chakuti malowo tiwapeza. Mu akaunti imodzi munali mitundu iwiri ya katundu, wina wa R22, wina wa R45, ngakhale pa kompyuta ya kalabu zonse zimangooneka ngati 480.

Pamene zinavuta

M'kati mwa Epulo munabwera munthu wa ku Pretoria amene anapereka R9,000. Ndinawaimbira mayiwa ndili wokondwa. Anakana. Anati R9,000 pa mapointi 200 ndi R45 pa pointi, sikufika n'komwe pa levy, ndipo pa gulu akamva awanena kuti akuwononga msika. Ndinayesa kuwakumbutsa masamu aja, koma sanasunthe, ndipo munthuyo anakapeza malo kwina.

Ndiyenera kunena poyera kuti apa ndinalakwitsa ine. Ndinawapatsa manambala olondola, koma sindinamve chimene iwo ankanena. Loweruka lotsatira ndinapita kunyumba kwawo m'malo mowaitanira ku ofesi. Titamwa tiyi anatulutsa zithunzi za ulendo woyamba umene anapita ku nyanja ndi amuna awo, ana ali ang'onoang'ono. Kenako anati, "Mwananga, abale ake ankamuseka kuti anapusitsidwa ndi azungu. Ine ndikagulitsa motchipa, ndiye kuti ndavomera kuti ankanena zoona."

Mtengo wa R75 sunali wa msika. Unali wotetezera dzina la malemu. Munthu amene akuteteza dzina la mwamuna wake sungamusunthe ndi kakyuleta.

Ndinawauza kuti bambowo anagula chinthu chimene banja linasangalala nacho zaka zambiri, ndipo zithunzizo ndi umboni. Chimenecho palibe angachifufute. Koma mapointi 200 awa si bambowo, ndi katundu amene afe pa 31 Disembala, ndipo akafa amene apindule ndi kalabu, chifukwa nyumba imene mayiwa ailipirira levy idzabwerekedwa kwa munthu wina, ndalama n'kulowa m'thumba la kalabuyo.

Anakhala chete kanthawi. Ndiye anayamba kusimba za amayi awo, amene ankagulitsa matimati pa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1. M'mawa, mabasi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre akamaima, mulu unali ndi mtengo wake ndipo sankanyengerera munthu. Dzuwa likapendeka ankawonjezera pulaizi pamwamba. Pofika madzulo ankapereka beseni lonse kwa aliyense amene ali ndi ndalama m'manja, chifukwa matimati akagona awiri ndi a nkhumba. Koma chimanga cha m'nkhokwe sankachigulitsa mu Meyi anthu akungokolola kumene, ankadikira Januwale. Atamaliza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye mukuti akalewa ndi matimati, atsopanowa ndi chimanga?"

Ndinavomera. Zimene ndinalephera kufotokoza ndi mapepala atatu, iwo anazinena ndi mawu ochepa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndi mmene ndimafotokozera kwa ena.

Za gulu la pa WhatsApp

Ndiime pang'ono pa gululi, chifukwa linatitayitsa R400 ndi masabata awiri a nkhawa, ndipo ena lawatayitsa zambiri. Ndikumvetsa chimene anthuwo amafuna. Amaona kuti membala mmodzi akatsitsa, obwereka amazolowera, ndipo onse amavutika. Koma mgwirizano wa mtengo umodzi umayesa anthu onse ngati ali pa malo ofanana. Amene ali ndi sabata ya Khrisimasi m'manja angathe kuumirira pa R75 osaluza kanthu. Amene ali ndi mapointi ofa mwezi wamawa akaumirira pa R75, amatsala chimanjamanja, ndipo pa gulupo palibe amene adzamubwezere. Mayiwa atandionetsa mauthenga, ndinaona kuti amene ankalankhula mwamphamvu anali anthu a mapointi ambiri, amene amasungitsa masabata abwino tsiku loyamba. Lamulolo linali kuteteza iwo.

Palinso mbali ya malamulo. Competition Act ya 1998, mu gawo 4, imaletsa opikisana pa malonda kugwirizana mtengo wogulitsira. Sindikunena kuti boma lingalondole amayi a pa WhatsApp, koma ine monga wowerengera ndalama sindingalangize kasitomala kuti amange malonda ake pa mgwirizano wa mtundu umenewo. Kuuzana mitengo imene malo apitira kale n'kothandiza, ndipo ndinawauza kuti akhalebe pa gulupo chifukwa cha zimenezo. Kulumbirirana kuti wina asatsike ndi kwina.

Mmene zinathera ndi mapointi akale

Kumapeto kwa Epulo kunabwera banja lina la ana atatu, kudzera mwa munthu wa kutchalitchi kwa mayiwa. Tinatchula R10,000, iwo anati R8,000, tinakumana pa R8,600. Kuchotsa R800, mayiwa anatsala ndi R7,800, ndiye R39 pa pointi. Ndi yochepera levy, zoona. Koma ikuposa ndi R3,400 ndalama imene kalabu ikanawapatsa, ndipo akanadikirabe R75 mpaka mapointi kufa sakanapeza kanthu.

Ndinalemba pangano la tsamba limodzi. Obwereka analipira theka pa tsiku losaina ndi theka lina kalata ya mlendo itatuluka m'dzina lawo, ndipo tinawapatsa nambala ya malowo kuti aimbe okha n'kutsimikiza kuti dzina lawo lilipo. Izi n'zofunika, chifukwa anthu ambiri abedwapo ndalama ndi otsatsa nyumba za tchuthi zimene kulibe, ndipo mantha amenewo ndi amene amachititsa kuti munthu wamba asafike pa mtengo wa hotela. Tinatenganso dipoziti ya R1,500 ya zowonongeka, imene tinabweza yonse atabwerako.

Panatsala mapointi akale 40. Malo ochepetsetsa ankafuna 60. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, anaganiza zoti tiwonjezerepo 20 mwa atsopano kuti tibwereketse masiku anayi a mu Meyi. Tinawerengera limodzi pa foni. Msika unali R2,400. Kuchotsa R800 kutsala R1,600. Kuchotsanso mapointi atsopano 20 pa R45, ndiye R900, kutsala R700. Kalabu inkapereka R880 pa mapointi 40 omwewo, popanda kutsatsa, popanda mlendo woti n'kuphwanya galasi. Tinapereka ku kalabu. Chimene chinapha malonda ang'onoang'onowa ndi R800 ija. Pa mapointi 300 imangodya pafupifupi R3 pa pointi, koma pa mapointi 60 imadya R13. N'chifukwa chake mtengo womaliza sungakhale nambala imodzi pa pointi. Uyenera kuwerengedwa pa kubwereketsa kulikonse pakokha.

Chimanga chija

Mapointi atsopano tinawawolotsa. Tsiku limene kalabu inatsegula kusungitsa malo a Disembala wa chaka chotsatira, mayiwa anali ali kumudzi, ndiye mwana wawo anakhala pa kompyuta m'mawa kwambiri asanapite kuntchito, ndipo anapeza sabata yoyambira pafupi ndi pa 16 Disembala, tsiku la tchuthi limene kuno limatsegulira nyengo ya maulendo, makampani a zomangamanga atatseka. Inadya mapointi 300: onse 240 owoloka aja ndi 60 a chaka chatsopano.

Apa mtengo womaliza unali wokwera, chifukwa nthawi inali kumbali yathu. Tinali ndi miyezi yambiri, ndipo sabata imeneyi anthu amailimbirana. Tinatchula R22,000. Munthu woyamba anapereka R16,000, ndipo ulendo uno ndine amene ndinati tikane. Mayiwa anaseka, nati, "Lero mwasanduka wa pa gulu?" Patapita masabata asanu wina anavomera R20,500. Kuchotsa R800 kunatsala R19,700, pafupifupi R66 pa pointi.

Mwa mapointi 180 otsala, 90 tinagulira masiku a Pasaka ku Drakensberg, amene anapita pa R6,300, kutsala R5,500. Ena 90 sitinabwereketse. Mayiwa anatenga zidzukulu zawo ziwiri kupita nazo ku nyanja masiku ochepa, ulendo wawo woyamba chimwalirire bambowo. Nditawafunsa mtengo umene ndilembe pa mapointi amenewo, anati ndisalembe kanthu. Ndinasiya malowo opanda nambala.

Za msonkho ndingonena mwachidule. Ndalama ya lendi iyenera kuonetsedwa ku SARS, bungwe lotolera msonkho la kuno, ndipo zimene munthu wawononga kuti aipeze amatha kuzichotsera. Tinasunga malisiti onse, ndi kulekanitsa mapointi amene anabwereketsa ndi amene anagwiritsa ntchito okha.

Pamene levy ili ndi ntchito

Ndanena kuti levy si mtengo womaliza wa kubwereketsa. Koma ili ndi funso lake limene imayankha, ndipo ndi lalikulu kuposa loyamba lija: kodi kontirakitiyi ndi yoyenera kuisungabe?

Levy ya chaka chachitatu inakwera ndi 8 pa 100 iliyonse kufika R15,552. Kuphatikiza zaka zitatu, R13,400, R14,400 ndi R15,552, mayiwa analipira R43,352 pa mapointi 720, pafupifupi R60 pa pointi. Ndalama imene inalowa ndi R7,800, R880, R19,700 ndi R5,500, zonse R33,880, kuchokera pa mapointi 630, pafupifupi R54 pa pointi. Ndalama yotuluka inaposa yolowa ndi R9,472, ndipo chimene anapeza pa kusiyanako ndi ulendo umodzi wa masiku ochepa ndi zidzukulu. Izi zachitika titayendetsa bwino, titapeza sabata yabwino koposa ya chaka, popanda mlendo wophwanya kanthu, popanda ejenti, ndiponso ndisanawerengere nthawi ya mwana wawo ndi malipiro anga. Sabata ya mapointi 300 sangaipeze chaka chilichonse, popeza amalandira 240 okha. Ndipo levy ikukwera msanga kuposa mitengo ya lendi imene ndikuiona.

Choncho ndinawalangiza zinthu ziwiri zimene poyamba anaziona ngati zotsutsana. Malinga ngati kontirakiti ilipo, abwereketse pointi iliyonse pa mtengo uliwonse woposa njira ina imene ali nayo, ngakhale utachepera levy. Koma kontirakitiyo ayesetse kutulukamo, chifukwa pa zaka zitatu yaonetsa kuti siingadzilipirire yokha.

Kutulukamo si kophweka. Kontirakiti yawo ilibe tsiku lothera. Vutoli si lawo okha. Mu 2017 bungwe la boma loteteza ogula la National Consumer Commission linayambitsa kafukufuku wa malonda a timeshare m'dziko lonse la South Africa, ndipo lipoti lake linatuluka kumapeto kwa 2018. Madandaulo amene anthu anapereka ndi omwewa: makontirakiti osatha, levy yokwera chaka ndi chaka, ndi kusowa malo pa nthawi imene membala akuwafuna. Kugulitsa mapointi kwa munthu wina nakonso n'kovuta, chifukwa wogula amakhala akugula ngongole ya chaka ndi chaka. Pa gulu lomwe lija pali anthu amene akupereka awo ulere, bola wolandirayo asenze levy. Za R96,000 ya bambo aja ndinawauza mosabisa kuti siibwerera, ndipo anandiyankha kuti anazindikira kale tsiku la tiyi lija.

Pa nthawi yomweyi anaimbiridwa foni ndi munthu amene anati ali ndi wogula wokonzeka kupereka R70,000, bola mayiwa ayambe alipira R6,500 ya mapepala. Anandiimbira asanatumize. Ndinawauza kuti amufunse munthuyo ngati angachotse R6,500 yakeyo pa ndalama ya wogulayo ikabwera. Sanaimbenso.

Talembera kalabu kalata yopempha kuti ilandire mapointi onse n'kutseka akaunti, titafotokoza kuti amene anasaina anamwalira, ndipo mayiwa akudalira penshoni. Levy yonse ndi yolipiridwa, chifukwa kalabu siikambirana ndi membala amene ali ndi ngongole. Ikakana kapena ikapanda kuyankha, dandaulo lathu lipita kwa Consumer Goods and Services Ombud, ofesi yomva madandaulo a ogula, ndipo mapepala ake ndakonza kale. Pamene ndikulemba lipotili yankho silinafike. Ngati Januwale apeza akaunti ikadali yotsegula, mapointi ena 240 alowa, ndipo pa chikuto cha fayilo ndalembapo kale masiku atatu ofiira: lotsegulira kusungitsa malo, lomaliza kubweza malo osaluza mapointi, ndi 31 Meyi.